Ndinayala Njerwa pa Makande ku Mlare

Abale anga, zikomo pondipatsa mpata. Ndaona kuti pano pakhala amisiri anzanga angapo, ena manja akunjenjemera monga ankachitira anga. Inu kumbuyoko, musawabise m'thumba, ndawaona kale. Chimene chimawanjenjemeretsa ndikuchidziwa, ndiye tisanamizane.

Ine ndine Ledisoni, kwathu ndi ku Dowa, koma kuno ku Karonga palibe amandiitana dzina limenelo. Onse amangoti Fundi. Ndinabwera ndi kampani yopanga msewu, zaka zija za chipani chimodzi, pamene munthu usanalowe mumsika unkayamba waonetsa khadi. Ntchito yanga inali yomanga makalavati, modutsa madzi pansi pa msewu muja. Msewu utadutsa anzanga anabwerera kwawo, ine ndinatsalira pa Mlare, chifukwa ndinaona kuti anthu ayamba kufuna nyumba za njerwa koma amisiri ndi ochepa. Mkazi wanga ndinamusiya ku Dowa, ndimati ndikakhazikika ndikamutenga.

Ntchito ndinkaidziwa, pamenepo sindinama. Vuto linali lakuti ndinkadzimva. Munthu akangofunsa kuti, "Fundi, ngodya iyi sinapendekeke?" ndinkamupatsa levulo, choyezera kuwongoka kwa khoma chija, m'manja n'kumuuza kuti, "Mangani nokha, bwana." Chitumbuka sindinaphunzire, Chinkhonde ndiye ayi ndithu. Ndinkati amene akufuna khoma aphunzire chiyankhulo changa. Zaka zinayi pamalo amodzi, ine kumangodziwa "monire" ndi "yewo" basi.

Tsiku lina kunabwera a Mwalwimba, munthu wachikulire amene anagwirapo ntchito ya ukalaliki ku boma n'kupuma. Chichewa ankachiyankhula bwino, ngakhale chinkamveka kuti n'cha kuno. Mayi a kunyumba kwawo anali atamwalira. Mwana wawo wamwamuna anali ku Joni, ku migodi, ndipo pakhomo panali mkazi wa mwanayo, NyaMsiska, wochokera ku Vinthukutu. Mkazi wa mwana wako kuno amati mkamwana. Iyeyu ankakhala m'kanyumba kake kuseri, ndipo kuphika, kutunga madzi, kusesa, zonse zinali pamutu pake.

A Mwalwimba ankafuna bwalo la njerwa kumaso kwa nyumba. Ankalima mpunga, ndiye anatopa ndi kuyanika pa dothi, mpunga kumalowa timiyala. Simenti inali yosowa, choncho tinagwirizana kuti ndiyale njerwa zootcha pa mchenga, m'mipata mwake ndithiremonso mchenga woti uzizigwira. Iwo anali ndi funso limodzi lokha.

"Fundi, nanga zikadzagwedera?"

"Sizidzagwedera."

"Inde, koma zikadzagwedera?"

"Chaka chilichonse mvula ikatha ndizibwera kudzaona. Pofunika kukonza ndizikonza ndekha. Mawu anga ndi amenewo."

Ndinayala monga tinkayalira kwathu. Ku Dowa dothi ndi katondo, lofiira, losasuntha. Ukapala pamwamba, kutsendera, kuthira mchenga, njerwa zimagona mpaka kalekale. Pa a Mwalwimba dothi linali makande, lakuda lija limene m'chilimwe limang'ambika, mvula ikabwera n'kufufuma. Musaganize kuti sindinalione. Ndinaliona ndithu, ndipo mtima unandiuza kuti, Ledisoni, kumba, chotsa dothi ili. Koma dzuwa la kuno inu mukulidziwa, komanso kunali nyumba ina ikundidikira. Ndinangopala pang'ono n'kuyala. Masabata awiri bwalo linali litatha, losalala, anthu odutsa pamsewu kumaima kuti aone.

Potsanzika ndinati, "Chinthu chimodzi, bambo. Posesa asamakande ndi tsache louma. Mchenga wa m'mipatawu ndi umene wagwira njerwa. Ukachoka, zonse zimasuka."

"Ndamva," iwo anatero.

Ine n'kunyamula zida zanga, ulendo. NyaMsiska sindinayankhule naye. Kunena zoona, masabata awiri onsewo nkhope yake sindinaione n'komwe. Chakudya ndinkachipeza pa khonde chili chovundikira. A Mwalwimba akatulukira uku, iye ankazimiririra uko, nsalu atafunda kumutu. Ine ndinkangoti ndi mayi wamanyazi.

Mvula inabwera, inatha. A Mwalwimba anatuma uthenga koyamba, ine zii. Kachiwiri, zii. Ndinapita atatuma kachitatu, Loweruka masana, nditalawako kale pang'ono. Nthawi imeneyo n'kuti ndisanakhale chidakwa, ndinkamwa Loweruka lokha.

Kalanga ine, bwalo lija! Pakati panali patatukumuka ngati linunda la ng'ombe, m'mbali njerwa zitamira, kwina madzi atadikha mpaka ndere. Pa khonde panali patakhala amuna asanu a pamudzipo, mmodzi mwa iwo tcheyamani wa chipani wa m'deralo, amene ndinkayembekeza kumumangira nyumba chaka chomwecho.

"Fundi, munalonjeza," a Mwalwimba anatero, mofatsa. "Konzani."

Akanandiuza tili awiri, mwina ndikanakonza. Koma pamaso pa anthu, pamaso pa tcheyamani, ine Fundi wa makalavati a boma ndivomere kuti ndalakwitsa? Ndinagwada ngati ndikuyeza, pamene ndikufuna pothawira. Ndinapisa chala mumpata wina n'kupeza kuti mchenga watsika.

"Ndinakuuzani chiyani za tsache? Onani apa! Amasesa ndani pano?"

Amuna aja anangoyang'anana.

"Ndikuti amasesa ndani?"

"Fundi, yankhulani ndi ine," a Mwalwimba anatero. "Za pakhomo pano mufunse ine."

Ine kumva? Ndinazungulira kuseri. NyaMsiska anali atakhala pansi akupeta mpunga. Ndinamuuza kuti abwere kumaso, iye anapukusa mutu. Abale, dzanja ili, ili mukulionali, linagwira mkono wa mkazi wa mwini. Ndinamukoka, lichero kugwa, mpunga kumwazika, nsalu ya kumutu kutsalira panjira. Ndinakamuimika pamaso pa apongozi ake, pafupi ngati pamene akhala bambo awa ndi pamene ndaima ine.

"Auzeni anthuwa! Mumasesa ndi chiyani? Yankhulani, mayi!"

Anatseka nkhope ndi manja onse awiri. Sanatulutse liwu ngakhale limodzi. A Mwalwimba anatembenuka n'kuyang'ana khoma. Amuna aja anaimirira mmodzimmodzi, maso ali pansi, n'kumachoka. Ine ndili pakati pa bwalo kukuwa kuti, "Mwaonatu! Wasowa chonena! Mlandu ndi wa tsache!"

Ndinkayesa ndapambana. Pofuna kutsimikiza, Lolemba ndinabweranso n'kuyala mwatsopano ngodya imodzi pafupi ndi khonde, mchenga wake watsopano. Ndinakuwa kuti, "Apa pasafike tsache. Chaka chamawa mudzandiuza!" A Mwalwimba sanatuluke. Ndinayankhula ndi chitseko.

Inu a kuno mwadziwa kale chimene ndinachita, ndaona ena mwawerama. Anzanga ochokera kumwera ndi pakati, imvani. Kwathu apongozi timawaopa, inde, koma kuno ndi zina. Mkamwana sayang'anana ndi bambo a mwamuna wake, sayankhula pamaso pawo, panjira amawapatukira, ngakhale dzina lawo satchula. Zoti auzane zimadzera mwa munthu wina. Zonsezi ine ndinaziphwanya masana, dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona. Amene anadzandimasulira ndi mayi wina wotcheza kachasu, patapita miyezi, chifukwa wina aliyense anali atasiya kundiyankhula.

NyaMsiska ananyamuka Loweruka lomwelo kupita kwawo ku Vinthukutu. Nkhani inakafika ku Joni, koma inafika itanenepa. Anthu analemba kuti fundi sangagwire mkono wa mkazi amene sanazolowerane naye. Mwamuna wake anayankha kuti akhale konko kwawo, asabwererenso. Ukwati wa anthu unaima chifukwa cha njerwa zanga.

Zotsatira zake zinabwera mothamanga. Nyumba ya tcheyamani anamanga wina. Kumene ndinkamanga anati simenti yatha, adzandiitana. Mwini nyumba imene ndinkachita lendi anati m'bale wake akubwera, ndipeze kwina. Palibe ananditukwana, ndipo chimenecho ndiye chinandipweteka. Akanatukwana ndikanabweza. "Monire" anangotha. Ndikayandikira pamene anthu akucheza, nkhani inkasinthira ku Chinkhonde, kenako aliyense n'kukumbukira kuti ali ndi kopita.

Ndinasamukira m'chisakasa cha pa uvuni wakale wa njerwa, kunja kwa Mlare. Loweruka linasanduka sabata yonse. Wilibala inapita ku kachasu, fosholo, piki, pomaliza levulo. Khadi chaka chimenecho sindinagule, ndiye pamsika ayufi a chipani sankandilowetsa. Mkazi wanga analemba makalata atatu, ine osayankha. Ndikanalemba kuti chiyani? Yachinayi sinabwere, ndipo pambuyo pake ndinamva kuti akwawo anathetsa ukwati.

Za njala sindikamba, ambiri pano mukuidziwa. Ndikambe za kukhala wekha. Pankatha masiku anayi, asanu, pakamwa panga pasanatuluke mawu opita kwa munthu. Ndinkadziyankhulira ndekha pa uvuni paja kuti ndingomvako Chichewa. Pa chipatala chaching'ono panali namwino wochokera ku Dedza. Abale, ndinkakakhala pa mzere ndisakudwala, m'mawa wonse, kuti ndikafika kutsogolo andifunse kuti, "Mwadzuka bwanji, bambo?" Ndinkanama kuti mutu, iye n'kundipatsa mapiritsi awiri, ine n'kukawataya kutchire. Chimene ndinadzera ndinali nditalandira kale. Munthu wamkulu, wandevu!

Koma kuuma mutu kunali pomwepo. Mayi wa kachasu uja atandiuza za mwambo ndinamuyankha kuti, "Mwambo ndi wawo, chabwino. Koma bwalo anaononga ndi tsache." Zonse zinali zitapita, chimene chinanditsalira n'chakuti ine sindinalakwe. Ndinkachifungatira chimenecho, ndikudikira mvula ithe kuti ngodya yanga ikandichitire umboni.

Mvula yachiwiriyo itatha ndinanyamuka. Unali m'mawa, ndipo ndinali ndisanamwe, osati chifukwa cha nzeru ayi, ndinalibe chogulitsa. Panjira ndinkakonza mawu. Ndimati ndikaima pa ngodya paja, ndikaitana anthu, ndikawauza kuti taonani ntchito ya Fundi pamene sipanafike tsache.

Nditafika pa nthochi za kumpanda ndinaima. Pakhomo panali zii. Bwalo lonse linali masamba okhaokha, udzu utamera mpaka pa khonde, zitosi za nkhuku paliponse. A Mwalwimba anali atakhala pa kampando, ataonda, malaya akulendewera. Ankasenda nthochi zaziwisi zoti aphike, ndi kampeni kobuntha, zala zitada ndi utomoni. Munthu amene kale ankavala tayi popita kumsika. Ndinafuna kubwerera, koma anali atandiona.

"Mughonile, Fundi."

Moni woyamba wa munthu wa pamudzi m'chaka chathunthu, ndipo wochokera kwa iwowo. 

"Mwabwera kudzaona ngodya yanu? Onani. Tsache silinafikepo. Wosesa palibe."

Ndinagwada n'kuyamba kukokolola masamba ndi manja. Mchenga unali m'mipata, malo ena utagwirana ndi mizu ya udzu. Koma njerwa, abale! Ina mutu m'mwamba, ina yamira, ina yathyoka pakati. Ngodya imene ndinayala ndi manja anga, imene sinaone tsache ngakhale tsiku limodzi, inali yoipa kuposa bwalo lonse. Ndinazula njerwa imodzi. Pansi pake makande anali atayamba kale kung'ambika. Ndinapisa dzanja mu mng'aluwo, linalowa mpaka pamfundo. Ndinalisiya momwemo nthawi yaitali, chifukwa ndinkaopa kudzutsa mutu.

Ena pochitira umboni amati anaona kuwala, ena anamva mawu. Ine ayi. Mulungu anandigwetsa ndi njerwa imodzi yakuda kunsi.

"Bambo," ndinatero, "si tsache."

"Ndikudziwa."

"Munadziwa liti?"

"Fundi, ine ndinabadwira pa dothi limeneli. Tsiku limene munkayala ndinadabwa kuti bwanji simukukumba. Koma ndinati mwini ntchito akudziwa, wamangira boma ameneyu. Komanso ndinamva kuti wofunsa mumamupatsa levulo." Anapitiriza kusenda. "Nanenso ndili ndi langa. Za tsache zija sindinamuuze mkamwana wanga. Ndikanamuuza bwanji? Mayi kulibe, mwana ali ku Joni. Ndinakuyankhani kuti ndamva, basi."

Ndinalira, abale. Osati misozi yaulemu ija yopukuta ndi chala, koma kulira kwa pamaliro, mamina ndi dovu, nditakhala pansi pa masamba. Iwo sananditonthoze, sanandithamangitse. Anasonkha moto n'kuteleka nthochi zawo. Zitapsa anabweretsa mbale imodzi n'kuiika pakati pathu.

"Idyani. Ndatopa kudya ndekha."

Tsopano ndikuuzeni mmene ndinabwererera, chifukwa kulira kokha sikukonza bwalo.

Choyamba chinali mowa. Tsiku lomwelo ndinapita kwa mayi wa kachasu uja n'kumuuza kuti, "Mayi, ndikadzabwera, ngakhale ndigwade, musadzandipatse." Anaseka, koma anasunga mawu, ndipo ndinagwadadi kawiri. Pa uvuni ndinachokapo, chifukwa pamene unkamwera sungasiyirepo. A Mwalwimba anandipatsa kachipinda kosungiramo makasu. Sabata yoyamba ndinkanjenjemera moti madzi m'kapu ankatayika asanafike pakamwa. Iwo ankangondipatsa chochita: kawaze nkhuni, katunge madzi, kamwetse ng'ombe. Inu amene mukufuna kusiya, musakasiyire panokha. Pezani munthu woti azikuonani m'mawa ndi madzulo, ngakhale akhale amene munamulakwira.

Chachiwiri chinali bwalo. Ndinabwereka piki. Ndinazula njerwa zonse n'kuzisanja pambali, zabwino pazokha, zothyoka pazokha. Ndinakumba makande mpaka m'mawondo, bwalo lonselo, n'kumakataya kudambo ndi dengu. Pansi ndinayala miyala ikuluikulu, pamwamba pake nsangalabwi, pang'onopang'ono, kuthira madzi, kusinja ndi chipika, kuthiranso. Ndinapendeketsa pang'ono kuti madzi azithawa nyumba, ndinakumba ngalande kumunsi, m'mbali ndinaimika njerwa chilili ndi kasimenti kochepa kamene a Mwalwimba anapeza. Levulo ndinalibe, ndinkayeza ndi chingwe ndi botolo la madzi. Ntchito ya masabata awiri ija inanditengera miyezi iwiri. Anthu ankaima pamsewu kundiyang'ana, osanena kanthu. Sabata yachinayi bambo wina anabwera ndi ngolo yodzaza mchenga, anakhuthula, anabwerera. Moni sanapereke, koma mawa lake anabweranso.

Amisiri anzanga, izi ndi zanu. Musanakhome chikhomo, funsani akuluakulu a pamalopo kuti dothi limeneli limatani mvula ikagwa. Funsani kuti amasesa ndani, amatunga madzi ndani, ndipo mawu anu akamufika bwanji. Mwini nyumba akakuitanani kuti pagwedera, pitani ulendo woyamba, mupite musanalawe kanthu. Ndipo chiyankhulo cha anthu amene akukudyetsani chiphunzireni. Ine ndinachiphunzira pa khonde la a Mwalwimba, madzulo aliwonse mawu asanu, ndili ndi imvi kale.

Chachitatu ndiye chinali cholemera kuposa makande. Bwalo litatha ndinapempha a Mwalwimba kuti aitane amuna asanu omwe aja, ndi tcheyamani yemwe. Anabwera. Ndinaima pomwe ndinamuimika mayi uja n'kunena kuti, "Ndinanama. Bwalo ili ndinaliononga ndine, chifukwa cha ulesi wokumba. Tsache linalibe mlandu. NyaMsiska sindinkamudziwa, nkhope yake ndinaiona koyamba tsiku limene ndinamuchititsa manyazi." A Mwalwimba, poti anali kalaliki, analemba mawu onsewo m'kalata yopita ku Joni, ine ndinasaina, amuna aja anasainanso. Tinadikira miyezi itatu. Yankho litabwera linali lalifupi: mwana wawo anati mkazi wake abwerere pakhomo.

Ha, chimwemwe chake! A Mwalwimba anameta ndevu tsiku limenelo. Anandituma kuti ndizire kanyumba ka kuseri kaja ndi kufoleranso denga. Anagula nsalu yatsopano n'kuipinda bwinobwino pa mphasa. Ine mumtima ndinkati, Ledisoni, wamaliza, zonse zabwerera m'malo mwake.

Ulendo uno tinachita mwa dongosolo. Tinapita ku Vinthukutu ndi mng'ono wawo wa a Mwalwimba, ngati munthu wapakati, amene kuno amati thenga. Ine ndinkakoka mbuzi ya chipepeso. Titafika tinakhala panja, pansi pa mtengo wa mango, ndipo anatilandira ndi achimwene ake a NyaMsiska. Patapita nthawi iye anatuluka n'kukhala pa mphasa chapatali, atayang'ana kumbali. Thenga anafotokoza zonse m'Chitumbuka, ndipo tsopano ndinkamvako. Anawerenga kalata ya ku Joni. Kenako ine ndinagwada n'kupepesa m'Chitumbuka changa chothyokathyoka.

Anayankha ndi NyaMsiska mwini. Atayamba kuyankhula anayankhula m'Chichewa, pang'onopang'ono, kuti pasakhale liwu londidutsa.

"A Fundi, tsiku limene munkawauza apongozi za mchenga, ine ndinali kuseri kwa khoma. Ndinamva zonse. Tsache louma ndinalisiya tsiku lomwelo, ndinkasesa ndi la udzu wofewa. Loweruka lililonse ndinkapita kumtsinje kukasenza mchenga, ndowa ziwiri, n'kumathira m'mipata ndi manja. Pofika Lolemba dothi linali litameza. Ndinadziwa kuti vuto lili pansi."

Ine ndili chigwadire, iye anapitiriza.

"Munandifunsa kuti ndimasesa ndi chiyani. Yankho ndinali nalo. Mukanandifunsa kuseri kuja, pamene ndinkapeta, ndikanakuuzani. Koma munakandiimika pamene sindingatsegule pakamwa, n'kumati ndasowa chonena."

Thenga anatsokomola n'kufunsa kuti nanga akamutenge liti.

"Mwamuna wanga anakhulupirira kalata ya anthu," iye anatero. "Lero wakhulupirira kalata ya a Fundi. Ine sanandifunsepo, ngakhale mzere umodzi. A Fundi ndawakhululukira, mbuziyo isiyeni. Apongozi mukawauze kuti analibe nane chifukwa, anali munthu wabwino kwa ine. Koma anaona nkhope yanga, ndipo mudzi wonse unaona. Chikhala mwezi woyamba uja, wina atabwera kudzanena zimene mwanenazi, ndikanabwerera. Pano ndazolowera kuno."

Achimwene ake anamunyengerera, thenga anamunyengerera. Iye anapinda mphasa yake n'kulowa m'nyumba.

Tinafika ku Mlare tsiku lotsatira chakumasana. A Mwalwimba anali ataima pa bwalo latsopano lija, atavala tayi, atayang'ana kumsewu. Anali atakonzeka kuti akangoona anthu atatu azembere kuseri kwa nthochi, mkamwana wawo alowe pakhomo momasuka. Anaona kuti tikubwera awiri.  Anamasula tayi, anaipinda, analowa m'nyumba.

Ndinakhala nawo zaka zawo zonse zotsala, ndikuwaphikira, ndikuwasesera, mpaka tinawaika m'manda. Mowa sindinalawenso kufikira lero, ndipo pa chimenecho ndimayamika Mulungu. Ntchito inabwerera, anthu a Mlare amandipatsa moni, ena pano ndinakumangirani nyumba. Koma inu amene mukuti ndidzasiya mawa, ndidzakapepesa zinthu zikakhala bwino, mundimvetse. Ine ndinachedwa ndi mvula imodzi yokha, ndipo NyaMsiska anakalambira ku Vinthukutu.